Kukatenga Mungu ku Mulanje

Ndagwira ntchito m'bala ya pa loji ina ku Senga Bay zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ngati pali chimene ndimadzitama nacho, ndi kutsuka. Tambula ikadutsa m'manja mwanga, mlendo amaikweza kudzuwa kuti apezemo chidindo cha chala, n'kulephera. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene munthu wa imvi ngati ine ndinatsalira pang'ono kutaya sukulu ya mwana wanga mumtsinje, pamwamba pa phiri la Mulanje.

Mwana wanga woyamba, Zione, amaphunzira za mitengo ku yunivesite. Anthu akandifunsa chimene amaphunzira ndinkangoti za nkhalango, n'kusintha nkhani, chifukwa zoona zake zinkandichititsa manyazi. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndi thukuta la m'bala amawerenga mungu, kafumbi kachikasu kaja kamene kamayoyoka ku ngayaye za chimanga. Chaka chinacho anakwera Mulanje n'kukwirira mabotolo asanu ndi limodzi, kuyambira m'munsi mpaka m'nkhalango ya pamwamba, kukamwa kuli kumwamba, kuti azikola mungu umene mphepo ikugwetsa. Anayenera kukawazula chaka chikakwana, mvula yamphamvu isanawasefukize. Koma chaka chitakwana chimene chinabwera ndi mdzukulu wanga, ndipo Zione anachira kudzera pa opaleshoni. Adokotala anati phiri asaliganizire n'komwe. Anzake a m'kalasi anali atabalalika, aliyense ndi phiri lake, ndipo amene ankamuthandiza pa maphunziro anali atanena kale kuti chaka china sawonjezera. Mabotolo akapita ndi mvula, sukulu yapita.

Ndinati ndipita ine. Zione anandifotokozera zonse ali chigonere m'chipatala, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wanu. Ndivomere pano kuti sindinamve kanthu. Ndinali nditanyamula mdzukulu wanga, ndipo ndinali nditangozindikira kuti makutu ake ndi anga enieni, otambasuka ngati a mleme. Ndinkangoti eya, eya, maso ali pa makutu. Mwamwayi analemba zonse papepala, n'kujambula mapu, n'kulemba dzina la munthu wondiperekeza kuphiri. Anandipatsanso zivindikiro zatsopano, tepi ndi cholembera chakuda. Kuntchito ndinabwereka kulabokosi, bokosi lija timaziziritsiramo zakumwa popita ndi alendo panyanja.

Mayi ake a Zione anakana kuti ndipite ndekha. Anakumbutsa aliyense za tsiku limene ndinasochera mumsika wa Salima ndikufuna singano. Anati ndidutse pa Chipoka nditenge mchimwene wawo, alamu anga a Musa, amene anagwira ntchito m'sitima zapanyanja mpaka kupuma, ndipo amati palibe doko limene sanapondepo. Ndinafunsa ngati ku Mulanje kuli doko, iwo anangopitiriza kundilongedzera chikwama.

Ndinanyamuka m'mawa wa mwezi wa Okutobala, kutentha kutayamba kale dzuwa lisanakwere. Pa Salima ndinapeza minibasi ya ku Balaka itatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndinathokoza mwayi wanga. Nditakhala pansi, munthu wa pambali panga anatsika. Patapita kanthawi winanso anatsika. Aliyense wokwera akabwera, mmodzi mwa amene ndinawapeza ankatuluka n'kukaima pamthunzi. Anali anthu aganyu ongotenthetsa mipando kuti ife opusa tikopeke. Tinadikira mpaka malaya anamatirira kumsana, dalaivala akungoliza injini n'kuzimitsa, kuyendetsa pang'ono n'kubwerera pomwepo. Mayi wina anafika ndi beseni la nsomba zaziwisi lothira ayisi, ndipo kondakitala analikankhira kumbuyo pamwamba pa chikwama changa. Ndinaona, koma sindinalankhule, poti ndinkaopa kuti tikayamba mkangano sitinyamuka.

Pa Chipoka tinapeza a Musa ataima pamsewu, atavala mkanjo woyera ndi kofiya, ngati akupita ku ukwati. Anakhala pafupi nane, n'kundifunsa za mwana ndi mayi wake, kenaka anagogoda kulabokosi n'kufunsa chimene tikukatenga kuphiriko, poti mlongo wawo anangowauza kuti akandiyang'anire.

Ndinati tikukatenga mungu.

A Musa anachotsa dzanja pa kulabokosi. Muyenera kudziwa kuti munthuyu sanagwirepo khasu. Moyo wake wonse wakhala pamadzi ndi anthu olankhula Chiswahili, ndipo m'Chiswahili Mungu ndiye Mulungu. Atatha kulingalira anandigwira bondo.

"Alamu, takhala bwino zaka zonsezi, inu kutchalitchi, ine kumzikiti, osayambana. Koma zokaika Mungu m'kulabokosi, Astaghafirullah, munditsitse pompano."

Minibasi yonse inafa nalo phwete. Mayi wa nsomba uja ndiye anawafotokozera za ngayaye, akupukuta misozi ndi chitenje. Bambo wina wa jekete, amene anali ataika Baibulo pamwendo, anati m'masiku otsiriza tidzamva zambiri. A Musa anagwedeza mutu n'kuti tsopano amva, koma mpaka lero ndimakayika. Ndikuganiza kuti ankadziwa kuyambira pachiyambi, anangopeza chingwe chondikokera ulendo wonse, monga amachitira alamu.

Titangodutsa pa Mua tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaimika bwinobwino, n'kutulutsa sipeya, koma sipeyayo inali yofooka kuposa limene linaphulika. Kondakitala anakwera kabaza, tayala lili pamwendo, kupita ku Golomoti kukamatitsa, ndipo anati abwera pompano. Aliyense woyenda pa minibasi amadziwa kutalika kwa pompano. Tinakhala pansi pa mlambe wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, tikusuntha ndi mthunzi wa thunthu ngati nkhuku. Bambo wa jekete anatsegula Baibulo n'kuyamba kutilalikira za Yona, a Musa n'kumawakonza za mmene chombo chimayendera pa namondwe, mpaka ulaliki unasanduka phunziro la zapamadzi. Mayi wa nsomba anaona kuti ayisi watha, anayamba kugulitsa nsomba zake pomwepo kwa anthu a m'mudzi wapafupi, akudandaula kuti akungotaya.

Apo m'pamene ndinakumbukira kumene ayisiyo anapita. Ndinasolola chikwama changa chikudontha. Pepala la Zione linali m'thumba lapambali, ndipo linali litasanduka chigamba cha buluu chonunkha nyanja. Ndinaliyanika pamwala. Chimene chinatsala chowerengeka ndi mapu, manambala a mabotolo ndi dzina la wotiperekeza. Malangizo onse anali atasungunuka. A Musa anati ndimuimbire mwanayo atiuzenso, koma ine ndinachita manyazi. Ndikanayamba bwanji kumuuza kuti ulendo usanafike n'komwe pa Balaka ndawononga kale pepala, ndiponso kuti kuchipatala kuja ndinkaona makutu? Ndinati asadandaule, mabotolo ndi ntchito yanga.

Kondakitala anabwera dzuwa lili paliwombo, akutafuna chimanga chootcha. Pa Balaka anatigulitsa kwa minibasi ina ngati mbuzi, n'kutiuza kuti iyi ndiye yachangu. Yachanguyo inaima pamudzi uliwonse. Pa Liwonde, pamalo ofufuzira magalimoto, wapolisi wamkazi anatitsitsa n'kuloza kulabokosi. Ataitsegula anapeza zivindikiro zisanu ndi chimodzi, tepi ndi cholembera, basi. Anafunsa kuti bokosi lonseli lanyamula chiyani. Ndisanatsegule pakamwa a Musa anayankha mwaulemu kwambiri kuti panopa mulibe, bwana, koma pobwerera mudzakhala Mungu. Wapolisiyo anayang'ana kofiya, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa ngati bamboyu ali bwinobwino. Ulendo uno wofotokoza za ngayaye ndinali ine, minibasi yonse ikundidikira.

Zomba tinangomudutsa. Pa Limbe oitanira anatilanda ngati akhwangwala: wina anathawa ndi kulabokosi kulowa nayo minibasi ya ku Mulanje, wina anakoka a Musa kuwalowetsa ya ku Thyolo, ine ndili pakati, dzanja lina kuno lina uko. Ndinasankha bokosi. A Musa anadziombola okha, ndipo anandikumbutsa za kusankha kwangako mpaka pa Chitakale. Tinafika dzuwa litapendeka. Phiri ndinaliona, lalikulu mopanda ulemu, koma chimene ndinayang'anitsitsa ndi mitambo yakuda imene inali itaunjikana pamutu pake, mphezi zikung'anima mkati. Mwini nyumba yogona alendo anati masiku atatu satha mvula yeniyeni isanayambe.

M'mawa pa Likhubula tinafunsa dzina la papepala lija, n'kumva kuti mwini dzina wapita ku maliro ku Phalombe. M'malo mwake kunabwera mkulu wake, a Makwinja, munthu woonda, wovala nsapato za matayala, wolankhula ngati mawu amagula. Anati chaka chatha ananyamula katundu wa mayi wa mabotolo, ndipo malo onse akuwadziwa. Analangiza kuti tikwere chimanjamanja mpaka pamwamba, mabotolo tizizula potsika, kuti tisakwere ndi katundu. Nzeruyo inali yabwino, ndipo mlandu wa zimene zinachitika si wawo.

Ife anthu a kunyanja miyendo yathu inaphunzira mchenga. Tisanathe ola limodzi a Musa anali atakwinya mkanjo mpaka m'chiuno. Ndinawakumbutsa kuti amati anakwerapo mafunde aatali ngati nyumba, iwo anati ankakwera ndi sitima, osati mawondo. A Makwinja ankangoyenda patsogolo, manja kumbuyo, n'kumatidikira pamwala uliwonse osanena kanthu, zimene zinkapweteka kuposa kutiseka. Nthawi ndi nthawi ankaloza kansalu kofiira komangidwa pamtengo posonyeza pamene pali botolo, n'kutchula nambala yake, "Wanu." Kenaka, "Thuu." M'munsi munali masuku ndi miombo, pamwamba pake udzu ndi mapaini otsalira apa ndi apo, ndipo kuzizira kunayamba kutilowa m'malaya. Tinagona m'kanyumba ka matabwa ka oyenda m'phiri.

Botolo lachisanu ndi chimodzi linali m'chigwa chakuya, m'nkhalango ya mdima, mitengo ikuluikulu yovala ndere ngati ndevu, ndi mikungudza ingapo imene anthu a macheka anaiphonya. A Makwinja anakanda masamba ndi phazi, n'kulizula. Nditaliona, mtima wa m'bala unandiwawa. Munali madzi akuda bii ngati a m'ngalande, tizidutswa ta masamba, nyerere zakufa, ndi matope okhuthala pansi. Mungu wachikasu umene ndinkayembekezera sindinauone. Ndinaganiza kuti mwina unamatirira m'mbali mwa botolo, pansi pa litsirolo. Apa ndinameza manyazi n'kutulutsa foni. Netiweki inkapezeka pamwala umodzi wokha, ndipo inkafuna kuti munthu aime ndi mwendo umodzi. Foni inalira, Zione anayankha, mawu akudukaduka. Ndinakuwa kuti tafika pa sikisi, koma botolo ndi lakuda kwambiri, titani. Anayankha zambiri zimene mphepo inadya. Chimene chinafika m'khutu langa ndi mawu atatu, foni n'kuduka.

"Musa atsuke mabotolo."

Ndinatsika pamwalapo nditapsa mtima pawiri. Choyamba, mwana amene ndinamulera ndi mwambo watchula amalume ake ndi dzina lokha, lopanda ngakhale a. Ndinati mwina ndi ululu wa opaleshoni, ndimukhululukire. Koma chachiwiri sindinachimeze. Pa anthu awiri amene anatumidwa, wina watsuka matambula zaka makumi awiri ndi ziwiri, wina amatsuka kapu poipukuta ndi mkanjo, ndipo mwana wanga wasankha Musa! A Musa atamva anakonza kofiya, n'kunena kuti mwanayo ndi wophunzira, amadziwa munthu wodalirika. Anatenga botolo n'kupita nalo kukamtsinje kamene kankayenda pafupi.

A Makwinja anayamba kunena kuti, "Koma chaka chatha mayi aja," ine n'kuwadula. Ndinati talankhula ndi mwini wake, ndipo za mabotolo andisiyire. Munthuyo anatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

A Musa anakhuthula madzi akudawo, n'kuviika botolo kawiri, n'kuti latha. Ndinalilanda. Ndinathiramo mchenga wosalala, ndinakhutchumula, ndinalowetsa udzu, ndinatsukuluza kasanu, kenaka ndinatulutsa kansalu kanga ka m'bala kamene sindisiya kulikonse ndipita. Nditalikweza kumwamba, kuwala kunadutsa ngati mulibe kanthu. Ndinadabwa pang'ono kuti mungu uja sukuonekabe, koma ndinati n'chifukwa chake amaonera pa makina. Ndinatseka, ndinamata tepi, ndinalemba sikisi, ndipo ndinatsika kuchoka m'chigwamo ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Botolo lachisanu linali pamtunda wa udzu, poonekera. A Musa anali atalizula kale ndipo ankalipendeketsa kuti akhuthule, pamene foni inanjenjemera m'thumba mwanga kanayi motsatizana. Anali mauthenga a Zione, onse a zilembo zikuluzikulu. Woyamba unati: MUSATSUKE MABOTOLO. Wachiwiri unati: OSATAYA KANTHU, MADZI AKUDAWO NDIYE MUNGU WA CHAKA CHONSE.

Ndinakuwa mawu amene sindikuwakumbukira. A Musa anaima chiimire, botolo lili chopendekeka, dontho limodzi likulendewera pakamwa pake. A Makwinja analitenga m'manja mwawo mofatsa ngati akulandira khanda, n'kuliimika pansi. Ndinawerenganso uthengawo mokweza. Musatsuke. Musa atsuke. Ndinabwereza kangapo, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa ngati mungu womwewo. A Musa anayesa kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

Ndachitapo manyazi m'moyo, koma sindinamvepo chisoni ngati cha pamtunda umenewo. Mwana anadikira chaka, anandikhulupirira ali pabedi la chipatala, ine n'kukathira chaka chakecho mumtsinje, n'kupukuta ndi nsalu. A Musa anati tikhoza kutunga timadzi takuda penapake n'kuthiramo, ndani angadziwe. Ananena mondimvera chisoni, ndipo kwa kamphindi ndinaganizira. Koma ndinadziwa kuti Zione adzakhala miyezi akuwerenga bodza langa pa makina, n'kulilemba m'buku lokhala ndi dzina lake. Ndinamuimbira foni.

Ndinamuuza zonse, kuyambira makutu a mwana, beseni la nsomba, mpaka mchenga. Anafunsa funso limodzi, kuti ndi botolo liti. Nditati sikisi, ndinamva mdzukulu wanga akulira chapatali. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti, "Chabwino adadi, ndiimbanso," mawu ali ang'onoang'ono.

Tinadikira pamenepo, poti kusuntha kunali kutaya netiweki. A Musa anayala kansalu n'kuswali, ndipo ndikukhulupirira kuti anandiikamo. A Makwinja anamata botolo lachisanu, madzi ake akuda ali momwemo, n'kundipatsa cholembera kuti ndilembe nambala. Mitambo inkakwera kuchokera kumunsi, ndipo bingu linagunda kawiri. Ndinkayang'ana foni ngati mphika wosawira.

Itaitana, mawu a Zione anali atabwerera. Anati m'chigwa muja, pamiyala yozungulira pamene panali botolo, pali ndere zofewa zobiriwira zonga kapeti. Nderezo nazonso zimakola mungu n'kuusunga. Si chimodzimodzi ndi botolo, chifukwa zimasakaniza wa zaka zingapo, ndipo adzayenera kulemba poyera m'buku lake kuti pa sikisi anagwiritsa ntchito ndere, koma aphunzitsi ake avomera kuti n'zotheka. Tibwerere, titenge timagawo ta ndere pamiyala khumi yosiyana, tiike m'mapepala apulasitiki atsopano, mvula isanakokolole. Ndinamupempha kuti abwereze, foni ili pa sipika, a Makwinja akumva nawo. Ndinamupemphanso chinthu chimodzi.

"Mwanawe, mawu aliwonse oyamba ndi musa uwasiye. Uziti osa."

Ndinamumva akuseka, kenaka akudandaula kuti ndisamuseketse, ulusi ukumukoka.

Ndisanadule ndinamufunsa chimene ndinayenera kufunsa zaka zitatu zapitazo, kuti kodi zonsezi n'zachiyani. Anati pansi pa nyanja yathu, ngakhale m'madambo a ku Lifuwu, muli matope osunga mungu wa makedzana, ndipo anthu amauwerenga kuti adziwe nkhalango zimene zinaliko kale. Koma mungu sunena zoona zonse. Paini ndi udzu zimamwaza wambirimbiri ndi mphepo, mpaka umakagwa kumene kulibe paini ndi mmodzi yemwe. Mitengo ina ikuluikulu ya m'chigwa muja imatuma njuchi ndi tizilombo, ndipo pansi imagwetsa tochepa kwambiri. Ndiye iye amayerekeza mitengo imene yaima lero ndi mungu umene wagwa lero, kuti owerenga matope akale asanamizidwe. Sikisi ndiye anali m'nkhalango yeniyeni, ya mitengo yogwetsa tochepayo, imene iye anaitcha yosalankhula.

Pokwera kubwerera m'chigwamo ndinazimvetsa m'njira yanga. M'mawa uliwonse ndikamatolera mabotolo m'bala, ndimadziwa amene analipo dzulo. Tebulo la anyamata aphokoso limadzaza kireti. Koma pamakhala mkulu wina amene wakhala pakona madzulo onse ndi botolo limodzi la chakumwa chozizira, ndipo mwina ndiye mwini galimoto imene onsewo anabwerera. Wowerenga mabotolo okha anganene kuti munthuyo kunalibe. Ndinawafotokozera a Musa zimenezi tikupuma pamwala, iwo anati za m'bala sazidziwa, koma pa ulendo uno paini ndi ine, ndipo mtengo wosalankhula ndi a Makwinja. Sindinatsutse. Ndinapepesa kwa a Makwinja chifukwa chowadula mawu, iwo anangoti, "Zimachitika," n'kupitiriza kukwera.

Nderezo ndinazitenga ndekha, nditagwada, ndi mpeni wa a Musa, n'kumaziika m'mapepala apulasitiki atsopano amene a Makwinja anali nawo m'chikwama. Zinali zonyowa, zodzaza timitengo ndi dothi, ndipo dzanja langa linkafuna kuzikung'untha, koma ndinaliletsa. Kenaka tinatsika mothamanga monga mawondo analolera, tikuzula folo, fili, thuu, lililonse lakuda kuposa linzake, ine ndikumata ndi kulemba osayang'ana mkati kuti ndisayesedwe. Madontho oyamba anatipeza tikumata wanu. Pofika pa Likhubula mvula inali ikukhuthuka ngati yatumidwa, mkanjo wa a Musa utasanduka wofiirira, kulabokosi ili pamutu pa a Makwinja, youma mkati.

Pobwerera bokosi ndinalinyamula pamwendo njira yonse, ndipo kondakitala aliyense wofuna kuliika kumbuyo ankakumana ndi munthu wina. Pa Liwonde tinapeza wapolisi yemwe uja. Anatizindikira, n'kufunsa akumwetulira ngati tamupeza. A Musa anati tamupeza, bwana, Alhamdulillah, kungoti wina alamu anga amutsuka.

Zione tinamupeza atatuluka m'chipatala, ali kwathu ku Senga Bay. Titangotsegula bokosi pakhonde, mayi ake anaona mabotolo akudawo n'kunena kuti zonyansazi sizilowa m'nyumba muli khanda, abweretse beseni awatsuke. Ine ndi a Musa tinakuwa limodzi mpaka mwana anadzuka. Zione anawerenga mabotolo asanu, ananunkhiza ndere n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenaka anatulutsa lachisanu ndi chimodzi, analikweza kudzuwa, n'kulitembenuza uku ndi uku. Ndinayang'ana pansi.

"Adadi," anatero, "chiyambire sukulu sindinaonepo botolo loyera chonchi."

Sukulu anamaliza. M'buku lake muli tsamba lonena kuti pa malo achisanu ndi chimodzi anagwiritsa ntchito ndere chifukwa za m'botolo zinatayika potolera, ndipo anandichitira chifundo osalemba wozitaya. Masiku ano munthu akandifunsa chimene mwana wanga anaphunzira, amayenera kukhala pansi, chifukwa ndimayambira pa ngayaye mpaka pansi pa nyanja.

Botolo lija anandisiyira. Ndinalikwirira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mango, kukamwa kuli kumwamba, ndipo Zione walonjeza kuti chaka chikakwana adzawerenga zimene Senga Bay wagwetsamo. Lada kale, muli nyerere ndi timadzi tonunkha. M'mawa uliwonse popita kuntchito ndimalidutsa, kansalu kali paphewa, manja ndili nditawapinda kumbuyo.